MALAMULO A UKWATI NDI A CHUMA CHA MASIYE M'MALAWI: ZIMENE ZIDASINTHA NDI ZIMENE TIYENERA KUDZIWA

Mawu oyamba

Pa zochitika zonse zazikulu za banja la mkhristu, katekisiti amakhalapo. Ndiye amene amalemba maina a anyamata ndi atsikana ofuna kumanga banja, ndiye amawaphunzitsa, ndipo pa maliro ndiye amatsogolera mapemphero pamene wansembe sadathe kufika. N'chifukwa chake mkangano ukabuka pa nkhani ya ukwati kapena ya chuma cha womwalira, akhristu ambiri a ku Manje, Bangwe, Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amayamba afunsa nzeru kwa iye kapena kwa atsogoleri a limana, asanapite kwa amfumu kapena ku bwalo la milandu.

Chovuta n'chakuti ambiri a ife tikuyankhabe mafunso amenewa potsata malamulo amene adathetsedwa kale. Kuyambira m'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo yasintha pafupifupi malamulo onse okhudza banja m'dziko muno, ndipo mabwalo a milandu apereka zigamulo zomasulira malamulo atsopanowo. Mfundo ya kusintha konseku ndi imodzi: amene lamulo tsopano limayamba kuwateteza ndi mkazi kapena mwamuna wa m'banjamo pamodzi ndi ana, osati achibale ena a womwalira monga zidalili kale.

Kwa anthu a ku Manje nkhaniyi si yapatali. M'mwezi wa Malichi 2023 mvula ya namondwe wa Freddy idagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, ndipo nyumba zambiri za ku Manje, Chilobwe ndi madera oyandikana nawo zidakokoloka pamodzi ndi anthu. Maliro otere akatha pamatsala mafunso ovuta: puloti yatsalayi ndi ya yani, ndalama za ku banki atenge ndani, ana amasiye awayankhulire ndani. Nkhani ino ikufotokoza zimene malamulo amanena pa mafunso ngati amenewa. Siikulowa m'malo mwa loya, koma ithandize amene amafunsidwa nzeru kuti asasocheretse anzawo.

Tsinde la malamulo onsewa

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, ndiwo tsinde la zonse. Gawo 22 limanena kuti banja liyenera kutetezedwa ndi boma ndiponso kuti palibe munthu woyenera kukakamizidwa kulowa m'banja. Gawo 23 limanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, mosayang'ana kuti adabadwira m'banja kapena kunja kwa banja. Gawo 24 limapatsa mai ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene adali naye pamodzi ndi mwamuna wake banja likatha, ndipo limalamula boma kuti likhazikitse malamulo othetsa miyambo yolanda amai chuma, kuphatikizapo chuma cha masiye.

Kuchokera pa tsinde limeneli mudaphuka malamulo awa: lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lamulo la mawilu ndi chuma cha masiye la 2011, lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndi lamulo la ukwati, kutha kwa ukwati ndi ubale wa m'banja la 2015. Mu 2017 malamulo aakuluwo nawo adakonzedwa pa nkhani ya msinkhu wa mwana.

Lamulo la ukwati la 2015

Lamuloli, limene pa Chingerezi limatchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, lidachokera mu lipoti la bungwe lounika malamulo la Law Commission la m'chaka cha 2006. Aphungu adalivomereza mu Febuluwale 2015, Pulezidenti Peter Mutharika adalisainira mu Epulo, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Julaye chaka chomwecho. Lisanabwere, maukwati ankayendera malamulo osiyanasiyana a nthawi ya atsamunda: lina la ukwati wa kwa bwanamkubwa, lina lolembetsera maukwati a Akhristu achikuda, lina la Amwenye. Lamulo la 2015 lidasonkhanitsa zonsezi pamodzi.

Tsopano boma limavomereza mitundu inai ya ukwati. Woyamba ndi ukwati wa boma, umene anthu amautcha wa kwa DC. Wachiwiri ndi ukwati wa mwambo, umene kuno kwathu umamangidwa ndi ankhoswe, ndipo kumpoto ndi ku chigwa cha Shire kawirikawiri umatsagana ndi malowolo. Wachitatu ndi ukwati wa chipembedzo, monga umene umadalitsidwa m'tchalitchi kapena mu mzikiti. Wachinai ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali monga mwamuna ndi mkazi wake, popanda chinkhoswe kapena mwambo wina ulionse. Mitundu yonseyi ili ndi mphamvu yofanana pamaso pa lamulo.

Mtundu wachinaiwu ndi wofunika kuumvetsa bwino, chifukwa m'matauni athu mabanja ongolowana ndi ochuluka. Kukhalira limodzi pakokha sikupanga ukwati. Ndi bwalo la milandu lokha limene lingagamule kuti anthu awiri otere adali pa banja, ndipo limatero pokhapokha akhalira limodzi zaka zosachepera 5. Bwalo limayang'ananso ngati ankathandizana pa chuma, ngati adali ndi katundu wa onse awiri, ngati ankalera ana limodzi, ndiponso ngati anthu a m'deralo ankawadziwa ngati banja. Choncho mai amene wakhala ndi mwamuna zaka zitatu popanda ankhoswe, mwamunayo akamwalira, angavutike kuti lamulo limuone ngati mkazi wamasiye, ngakhale kuti ana ake sataya ufulu wawo.

Lamuloli limanena kuti ukwati ndi wa anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, oganiza bwino, amene onse akwanitsa zaka 18. Limafuna kuti ofuna kukwatirana apereke chidziwitso cholembedwa kwa wolembetsa maukwati, kuti chidziwitsocho chikhale poonekera masiku 21 kuti wodziwa choletsa anene, ndiponso kuti ukwati ulembedwe m'kaundula ndi kupereka setifiketi. Ntchito yolembetsayi idapatsidwa kwa abwanamkubwa, mafumu aakulu ndi atsogoleri a zipembedzo. Munthu amene adamanga ukwati wa boma saloledwa kutenga mitala. Akatero wapalamula mlandu.

Msinkhu wa zaka 18

Ngakhale lamulo la 2015 lidaika zaka 18, padatsala mpata. Malamulo aakulu a dziko ankalolabe munthu wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kukwatiwa kapena kukwatira makolo akavomera, ndipo ankati mwana ndi munthu wosafika zaka 16. Popeza malamulo aakulu amaposa lamulo lina lililonse, kholo lokwatitsa mtsikana wa zaka 16 lidali ndi pothawira. Pa 14 Febuluwale 2017 aphungu 131 adavomera kutseka mpatawo, ndipo awiri okha ndiwo adakana. Kuyambira pamenepo mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo chilolezo cha makolo sichisintha kanthu.

Vuto limene lidachititsa kusinthaku lidali lalikulu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amai 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amai 42 adakwatiwa asanafike zaka 18. Kafukufuku wina wa 2019 mpaka 2020 adapeza pafupifupi 38 mwa 100 alionse. Mafumu ena, monga Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, adatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera ku sukulu. Lamulo la ana la 2010 lidaletsa kale kukakamiza mwana kukwatiwa kapena kumutomeretsa, ndipo mu 2023 lamulo la milandu ya upandu lidakonzedwa kuti kugonana ndi mwana wosafika zaka 18 ukhale mlandu waukulu. Mimba si chifukwa chokwatitsira mwana. Mwambo wokatula mtsikana wa zaka 16 ku nyumba ya amene wamupatsa mimba kuti akhale mkazi wake ndi wosemphana ndi lamulo. Chimene lamulo limafuna ndi chakuti bambo wa mwana wobadwayo apereke chithandizo cholerera mwana.

Banja likatha ku bwalo la milandu

Malinga ndi lamulo la 2015, bwalo limathetsa ukwati likakhutira kuti banjalo lasokonekera kotheratu moti silingakonzekenso. Umboni wake ungakhale chigololo, nkhanza, kapena kuthawa banja kwa nthawi yaitali. Milandu yothetsa ukwati wa mwambo kawirikawiri imayambira kwa majisitireti. Mu 2016 Bwalo Lalikulu lidagawidwa m'nthambi, ndipo imodzi mwa nthambizo ndi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye.

Pogawa katundu, gawo 74 la lamuloli limauza bwalo kuti ligawe mwachilungamo poyang'ana zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, ndiponso zimene adathandizapo pa chuma cha banjalo. Chatsopano ndi chakuti ntchito za pakhomo nazo zimawerengedwa. Mai amene sadalembedwepo ntchito, koma adaphika, adalera ana, adatunga madzi omangira nyumba ndi kusamala pakhomo, sangauzidwe kuti sadaikepo kanthu.

Zigamulo ziwiri ndi zoyenera kuzidziwa. Mu 2017 Bwalo Lalikulu la Apilo lidagamula kuti kukhala pa banja pakokha sikusandutsa katundu yense kukhala wa anthu awiri. Wofuna gawo asonyeze kuti padali cholinga chakuti katunduyo akhale wa onse, kapena kuti iye adathandizapo kuti apezeke. Mu 2020 Bwalo Lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti mai amene adasamala banja pamene mwamuna wake ankachita maphunziro apamwamba, n'kusiyidwa mwamunayo atamaliza, ayenera kulandira chipukutamisozi chifukwa cha gawo lake pa maphunzirowo. Mabwalo amalemekezanso mwambo wa chikamwini wakuti mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi wake nyumba. Phunziro la zigamulozi ndi lakuti umboni ndi wofunika: pogula puloti kapena pomanga nyumba, ndi nzeru kulemba maina a onse awiri pa kalata yogulira ndi kusunga malisiti.

Nkhanza za m'banja

Lamulo la 2006 lidathetsa maganizo akuti za m'nyumba saulula. Nkhanza zimene limatchula si kumenya kokha ayi, komanso kukakamiza kugonana, kuopseza ndi kunyoza kosalekeza, ndi kumana mnzako ndalama kapena zofunika pa moyo. Limateteza mkazi, mwamuna, ana ndi ena okhala pakhomopo. Bwalo lingapereke chiletso choti wankhanzayo asiye nkhanza zake kapena asayandikire wozunzidwayo. Lingalamulenso kuti wozunzidwayo ndiye akhale m'nyumbamo ndipo wankhanzayo atuluke, ngakhale nyumbayo ili ya lendi ndipo wankhanzayo ndiye adalembetsa kwa eni nyumba. Pempho lingaperekedwe ndi wozunzidwayo mwini, kapena ndi wina m'malo mwake, monga wachibale kapena wapolisi. Lamulo la 2013 lidaonjezera poletsa miyambo yoononga ulemu ndi thanzi la munthu, ndipo mu 2016 bwalo lidalamula mwamuna wina wa ku Nsanje kukakhala ku ndende zaka ziwiri chifukwa cha mwambo wa kulowa kufa.

Chuma cha masiye: lamulo lakale ndi latsopano

Pano ndi pamene pali kusintha kwakukulu koposa, ndiponso pamene anthu ambiri akadali m'mbuyo. Lamulo lakale la 1967 linkagawa chuma cha mwamuna womwalira wopanda wilu potsata mtundu wa ukwati wake. Kumene amatsata malowolo, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo, ndipo theka lina kwa achibale olowa chuma mwa mwambo. Kumene amatsata chikamwini, monga kuno ku Blantyre, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri okha mwa magawo asanu, ndipo magawo atatu ankapita kwa achibale. Apa ndi pamene amalume, abale ndi alongo a malemu ankapezera mphamvu yobwera ndi galimoto kudzanyamula mipando maliro asanazizire. Mu 1998 kulanda chuma cha masiye kudasanduka mlandu, koma kagawidwe kadakhalabe komweko.

Lamulo la 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lidafafaniza zonsezi. Gawo 4 limanena kuti palibe amene angalowe chuma cha womwalira chifukwa cha mwambo wokha. Gawo 17 limanena kuti munthu akamwalira wopanda wilu, oyenera kulandira chuma chake ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iye. Mawu akuti ana akuphatikiza obadwira m'banja, obadwira kunja kwa banja, otengedwa mwa lamulo kuti aleredwe, ndi mwana amene adakali m'mimba. Odalira malemu, m'lamuloli, ndi makolo ake amene iye ankawasamala, ndi ana aang'ono a ena amene iye ankawalipirira sukulu, ngati sangathe kudzisamala okha.

Kagawidwe kamatsata mfundo izi. Choyamba, onse atchulidwawa atetezedwe ku umphawi monga momwe chumacho chingathere. Chachiwiri, mkazi kapena mwamuna wotsalayo asunge katundu yense wa m'nyumba: mipando, mabedi, ziwiya za kukhitchini ndi zina zotere. Chachitatu, zotsala zigawidwe pakati pa wamasiyeyo ndi ana. Ngati palibe chifukwa chapadera, magawo amakhala ofanana, koma bwalo limayang'ana zimene malemu adanena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo limene adapereka kale kwa ena monga kuwaphunzitsa, ndi zimene wamasiyeyo kapena mwana adathandizapo pa chumacho. Mwana wamng'ono amayenera kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu amene adayamba kudziimira. Wamasiye akakwatiwanso kapena kukwatiranso sataya chuma chimene adalandira, kupatula malo a mwambo, amene amapita kwa ana. Adzukulu a malemu, abale ndi alongo ake amalowa pokhapokha ngati palibe mkazi, mwamuna, mwana kapena womudalira.

Tiyerekeze bambo wa ku Manje amene wamwalira osasiya wilu. Wasiya mkazi, ana atatu a m'nyumbamo ndi mwana mmodzi amene adabereka kwina. Mai ake okalamba ali ku Thyolo, ndipo iye ndiye ankawatumizira chakudya. Alinso ndi mchimwene wake wogwira ntchito ku Limbe ndi mwana wa mlongo wake amene ndi wamkulu kale. Chuma chake ndi nyumba, njinga yamoto ya kabaza ndi ndalama za ku banki. Mwa lamulo la lero, katundu wa m'nyumba ndi wa mkaziyo. Gogo wa ku Thyolo aganiziridwe kuti asavutike. Zotsala ndi za mkaziyo ndi ana onse anai, kuphatikizapo wa kunja uja. Mchimwene ndi mwana wa mlongo alibe gawo. Ndipo ngati mkaziyo adasonkhako ndalama zomangira nyumbayo, gawo lakelo ndi lake kale, silili m'gulu la chuma cha masiye.

Gawo 84 limalanga wolanda chuma. Aliyense wotenga, kubisa kapena kugulitsa chuma cha womwalira chimene sichili chake mwa wilu kapena mwa lamulo angalipitsidwe chindapusa chosachepera mtengo wa katunduyo ndi kukhala ku ndende zaka 10, ndipo bwalo limalamula kuti abweze zimene adatengazo. Kunena kuti "kwathu timatero" sikupulumutsa munthu pa mlandu umenewu.

Kulemba wilu

Anthu ambiri amaopa kulemba wilu poganiza kuti n'kudziitanira imfa. Koma wilu ndi kalata chabe yonena mmene mwini chuma akufunira kuti chuma chake chidzagawidwe. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, woganiza bwino, angailembe, m'Chichewa momwe, ngakhale popanda loya. Zofunika ndi izi: ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mbonizo zisaine iye akuona. Wosadziwa kulemba angadinde ndi chala. Mboni zikhale anthu aakulu, ndipo zisakhale mwa amene alembedwa kuti adzalandire kanthu, popeza zimenezi zingalepheretse mphatsoyo. Mwini wilu angaisinthe nthawi ina iliyonse ali moyo.

Wilu itchule katundu momveka, itchule munthu wodzayendetsa ntchito yogawa, ndipo ngati pali ana aang'ono itchule wodzawayang'anira. Isungidwe pamalo odalirika, monga ku bwalo la milandu, kwa bwanamkubwa, ku banki kapena kwa loya, ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe kumene ili. Madzi osefukira a 2023 adationetsa kuti mapepala osungidwa m'sutikesi pansi pa bedi amapita limodzi ndi nyumba. Tidziwenso kuti wilu si chida chomanira banja lako: ngati malemu sadasiyire mkazi, mwamuna kapena ana ake zokwanira, bwalo lili ndi mphamvu yowapatsa gawo. Ndalama za penshoni zili ndi lamulo lakelake; wogwira ntchito amalemba pa fomu maina a odzalandira, ndipo fomuyo iyenera kukonzedwanso akakwatira kapena mwana akabadwa.

Kumene tingapeze thandizo

Munthu akamwalira, palibe wololedwa kuyamba kugawa chuma chake mwa yekha. Ngati pali wilu, bwalo limaitsimikiza kaye. Ngati palibe, bwalo limapereka kalata yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mabanki amafuna kalata imeneyi pamodzi ndi setifiketi ya imfa. Chuma chochepa chimatha kuyendetsedwa kudzera kwa majisitireti kapena kwa bwanamkubwa. Chochuluka chimapita ku Bwalo Lalikulu, limene kuno lili ku Chichiri. Ofesi ya boma ya Administrator General nayo imayendetsa chuma cha masiye. Kwa anthu a ku Manje ndi Bangwe, mabwalo a majisitireti apafupi ali ku Limbe.

Wosowa ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka pa milandu, limene lili ndi ofesi mu mzinda wa Blantyre. Pa nkhani za nkhanza ndi kulandidwa katundu, ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Mwana kapena mai wogwiriridwa apite naye msanga ku chipatala cha Queen Elizabeth, kumene kuli malo amene madokotala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Mu Mpingo, bungwe la Chilungamo ndi Mtendere limalangiza akhristu ndi kuwalozera koyenera. Mbewa ya manyazi idafera ku una: wamasiye amene wakhala chete poopa apongozi amataya nyumba imene lamulo likadamusungira.

Malamulo a boma ndi malamulo a Mpingo

Akhristu ena amafunsa ngati malamulo awiriwa sakutsutsana. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa nambala 1059, limavomereza kuti boma lili ndi mphamvu pa zotsatira za ukwati zokhudza moyo wa m'dziko, monga katundu ndi chuma cha masiye. Pa msinkhu, nambala 1083 imatchula zaka 16 kwa mnyamata ndi 14 kwa mtsikana ngati malire otsikitsitsa pa dziko lonse lapansi, koma nambala 1071 imaletsa wansembe kudalitsa, popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi, ukwati umene malamulo a dziko sangauvomereze, ndipo nambala 1072 imauza abusa kuti aletse achinyamata kukwatirana asanafike msinkhu wovomerezeka m'dera lawo. Motero m'Malawi muno wosafika zaka 18 asalembedwe m'kaundula wa ofuna ukwati.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kutha kwa ukwati. Bwalo la boma likathetsa ukwati, lathetsa za m'dziko zokha. Sakramenti la ukwati limakhalapobe, ndipo munthuyo sali womasuka kukwatiranso mu Mpingo. Bwalo la Mpingo silithetsa ukwati, koma limafufuza ngati ukwatiwo udamangidwa moyenera kuyambira pa chiyambi. Papa Fransisko adafewetsa kayendetsedwe ka milandu imeneyi mu 2015. Komanso nambala 1153 imalola munthu kupatukana ndi mnzake ngati moyo wake kapena wa ana uli pa ngozi, ndipo Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2383, amavomereza kuti kupita ku bwalo la boma si tchimo ngati ndiyo njira yokhayo yotetezera ana kapena chuma chawo. Choncho tisauze mai womenyedwa kuti angopirira.

Zoti katekisiti ndi atsogoleri a limana akumbukire

Polemba ofuna ukwati, onani chiphaso cha unzika kapena kalata ya ubatizo kuti mutsimikize zaka, ndipo funsani ngati wina adakwatirapo kale kapena ali ndi ana kwina. Ukwati ukadalitsidwa, onetsetsani kuti walembedwa m'kaundula ndipo eni ake atenga setifiketi yawo. Mabanja ongolowana alimbikitsidwe kuchita chinkhoswe ndi kudalitsa ukwati wawo, popeza kutero kumatetezanso wotsala mnzake akamwalira. M'maphunziro a ukwati muikemo nkhani ya wilu ndi ya kulemba maina awiri pa kalata ya puloti.

Pa maliro, pamene achibale akhala pansi kukamba za katundu, mtsogoleri wa mpingo si woweruza ndipo asagawe chuma. Udindo wake ndi kukumbutsa onse mwaulemu zinthu zitatu: kuti katundu wa m'nyumba ndi wa wamasiye, kuti chuma chotsala ndi cha wamasiyeyo ndi ana onse a malemu, ndiponso kuti wochotsa kanthu bwalo lisanapereke chilolezo akudziika pa mlandu. Ngati pali kukaikira, katundu alembedwe pa pepala pamaso pa amfumu ndi mboni za mbali zonse ziwiri, pepala lina lisungidwe ndi wamasiyeyo, ndipo nkhaniyo ipite kwa odziwa malamulo.